Tcheni cha pa Chitseko cha Kuseri

Tcheni chija ndinamanga ndine. Ndayambira pamenepa chifukwa kwa zaka zambiri, ndikamafotokoza nkhaniyi, malo amenewa ndinkawadumpha.

Ndinkagwira ntchito pa fakitale ina ku Tipton, m'mbali mwa ngalande, kumene tinkapanga makushoni a mipando ya sofa. Pansi pankadulidwa siponji, ndipo m'chipinda cham'mwamba azimayi ankasoka nsalu zokutira makushoniwo. Ine, amene ku Ntcheu ana a Sitandade 7 ankaimirira ndikamalowa m'kalasi, ntchito yanga inali kukankha ngolo ya siponji, kuikweza pa chikepe, kuitsitsa, n'kuyambiranso. Amene anatibweretsa ku Mangalande ndi mkazi wanga. Iye anali namwino pa chipatala china chachikulu mu Birmingham, ine ndinangobwera pa chiphaso chake ngati chikwama chachiwiri. Komabe mapepala anga anali abwinobwino, ndipo si onse pa fakitale ija amene akanatha kunena choncho.

Kapitawo wathu anali mzungu wa nkhope yofiira, wotopa nthawi zonse. Sanali wankhanza. Tsiku lina m'nyengo yozizira anapeza zotsalira za ndudu pa chitseko cha kuseri, chotulukira ku ngalande, ndipo sabata yomweyo mipukutu iwiri ya nsalu inasowa. Anandiitana n'kundipatsa tcheni ndi loko. Anati ndikakulunge pa chitsulo chokankhira chitsekocho, ndikatseke, kenako ndiunjike siponji patsogolo pake chifukwa malo osungira katundu anali atachepa. Ndinati, "Yes, boss." Ndinakulunga kawiri, mwaluso ndithu, monga ndinkamangira njinga yanga pa mtengo wa pasukulu, n'kukamupatsa makiyi. Chitsekocho chinali kumunsi kwa masitepe opapatiza ochokera m'chipinda cha osoka. Pamwamba pa masitepewo panali chikwangwani chobiriwira cha kamunthu kothamanga, chosonyeza pothawira moto. Chimenecho palibe anachichotsa, chinkangoyakabe.

Miyezi inadutsa osaganizako n'komwe. Maganizo anga anali kusukulu. Satifiketi yanga ya uphunzitsi kuno ankaiyang'ana ngati chiphaso cha sikelo ya ana, choncho Loweruka lililonse m'mawa ndinkakwera basi kuchoka ku Nechells kumene tinkakhala, kupita ku koleji ina m'tauni kukayambiranso. Tinalipo akuluakulu okhaokha, ena a imvi, tonse ofuna khomo lolowera ku yunivesite. Mbiri yakale ankatiphunzitsa mayi wina wamfupi wokonda mtsutso, ndipo teremu imeneyo tinkaphunzira za Amereka pa nthawi imene mafakitale ankamera ngati bowa, zaka pafupifupi zana m'mbuyomo.

Phunzirolo ndinalikonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Njanji, zitsulo, mizinda yotupa ndi anthu obwera pa sitima za pamadzi kuchokera ku maiko osauka, osadziwa Chingerezi, ogona asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi. Ana ogwira ntchito m'migodi. Kenako anthu amene anakana kuti zipitirire: atolankhani olowa m'mafakitale a nyama n'kulemba zimene anaona, azimayi ofuna ufulu wovota, mabungwe a antchito, andale ochepa amene anamva manyazi. Ine ndinali woyankhula kwambiri m'kalasimo. Uphunzitsi suchoka m'magazi. Ndinkakweza dzanja n'kumadzudzula anthu amene anafa kalekale chifukwa chokhala chete, mawu anga ali pamwamba, ngati kuti ineyo ndikanakhalapo zinthu zikanasintha Lolemba lomwelo.

Loweruka lina mphunzitsiyo anazimitsa magetsi n'kuonetsa zithunzi pakhoma. Inali fakitale yosoka zovala ku New York, m'zipinda zam'mwamba za nyumba yosanja. Osokawo ambiri anali atsikana obwera, a ku Italy ndi Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya. Moto unayamba mu zidutswa za nsalu. Atathamangira ku chitseko china anapeza chokhoma, chifukwa mabwana ankaopa kuberedwa komanso sankafuna anthu ozemba kukapuma. Ambiri anafera pachitsekopo, ena anadumpha pa mawindo. Mphunzitsiyo anati pambuyo pa imfa zimenezi kunabwera malamulo a zitseko zothawira ndi anthu oyendera mafakitale. Kenako anafunsa kalasi kuti tikuganiza kuti amene ankatembenuza kiyi tsiku lililonse anali ndani, popeza mwini fakitale sayenda ndi makiyi a chitseko chilichonse. Anayang'ana kwa ine chifukwa ndine ndinkayankha mafunso otere. Tsiku limenelo dzanja langa silinakwere.

Kuyambira Lolemba lotsatira fakitale ija inasanduka ina. Ndinayamba kuona zimene ndinkazidutsa tsiku ndi tsiku. Mbaula yamagetsi imene odula siponji ankaotha inali pafupi kwambiri ndi zinyenyeswa. Mawaya a makina ena anali omata ndi tepi. Siponji ndinkaidziwa kapsedwe kake, chifukwa kamodzi kachidutswa kanagwera pa mbaula ija ndipo utsi wake wakuda unatitsokomoletsa tonse. Masitepe akutsogolo, okhawo otsala, ankatsikira pakati penipeni pa milu ya siponjiyo. Ndikakwera ndi ngolo yanga m'chipinda cha osoka ndinkapezeka ndikuwerenga mitu ya azimayi, oposa makumi atatu, onse ataweramira makina. Munthu akawotcha buledi m'kantini, ndinkasiya ngolo n'kukafufuza kumene fungolo likuchokera. Chakudya chinasiya kukoma. Ndinkachita mantha, ndipo ndinkadzida.

Ndinayesa njira yaulemu, imene tinaleredwa nayo. Ndinadikira kapitawo ali yekha, ndinavula chipewa, ndinayamba ndi kumufunsa za timu yake ya mpira, ndipo nditazungulira mokwanira ndinatchula za tcheni. Anati akudziwa, akambirana ndi mwini fakitale. Patapita sabata ndinamukumbutsa. Anati makiyi ali ndi bwanayo. Kachitatu anangondiyang'ana n'kufunsa ngati ntchitoyi ikundisangalatsabe. Ndinati ikundisangalatsa kwambiri.

Pakati pa osokawo panali mayi wina wa ku Mulanje amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Ndinkawatchula kuti achemwali, iwo ankanditchula kuti aphunzitsi, theka mwaulemu theka mondiseka. Anali amasiye. Anabwera kuno ngati mlendo wodzacheza, nthawi yawo inatha, ndipo sanabwerere chifukwa ana awo atatu kumudzi ankaphunzira ndi makina osokera a ku Tipton. Pa fakitale ankagwira ntchito pa dzina la msuweni wawo amene anali ndi mapepala. Zoterezi zinalipo zambiri masiku amenewo, ndipo tonse tinkadziwa kuti sizifunsidwa. Kapitawo akawaitana ndi dzina lobwerekalo, nthawi zina ankachedwa kutembenuka, kenako n'kundiyang'ana akuseka ndi maso.

Masana ena tinakhala pa kakhoma ka panja tikudya, iwo mpunga wa m'kontena, ine buledi. Ndinayamba mozungulira monga mwa chizolowezi changa. Ndinawafotokozera za atsikana a ku New York. Anamvetsera akutafuna, n'kupukusa mutu.

"Koma azungu akale analinso ankhanza eti," anatero.

"Nanga achemwali, munthu wina atawauza a boma kuti adzaone za moto pano, mungati bwanji?"

Anasiya supuni m'kontena. "Aphunzitsi, ma assignment anuwo azithera ku college konko. Musatiitanire boma pano."

"Si a imigireshoni ayi. Awa ndi oona za moto basi."

"Boma ndi boma. Akabwera kudzaona fire extinguisher adzati tione register, akaona register adzati tione ma passport. Inu muli ndi visa ya madam, mudzagona kunyumba. Ine ndidzagona ku detention." Anatseka kontena yawo. "Why do you think ndinasankha machine ya kumapeto kuja, kozizira? Ndikangoona van pa gate, ine ndi back stairs, ndatulukira ku canal, basi. Ndinapanga kale plan."

Apa ndi pamene ndinayenera kunena. Mawu ake anali ochepa: chitseko chimenecho chili ndi tcheni, ndinamanga ndine. Osoka sankatsika masitepe amenewo, ndipo milu ya siponji inkabisa zonse, choncho iwo sankadziwa. Koma ndinaona mmene akanandiyang'anira, ndinaonanso nkhaniyo ikuyenda pa makina onse mpaka kukafika kwa kapitawo, kuti mphunzitsi uja akuopseza anthu. Ndinameza buledi wanga n'kunena kuti kukubwera mvula.

Kunyumba ndinamuuza mkazi wanga zonse, Lamlungu masana titabwera kutchalitchi. Anali akusita yunifolomu yake. Sanandikalipire za tcheni, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

"Ine ndinagwirapo pa burns unit, kwa anthu opsa ndi moto, miyezi itatu," anatero. "Musandifunse zimene ndinaona. Koma abambo, muganizenso za achemwali aja. Inu akakuchotsani mupita ku agency ina mawa lomwe. Iwo apita kuti?"

"Ndiye nditani?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene sakudya m'nyumba muno ndinu."

Kuti ndilembe kalata yopanda dzina sichinali chinthu chapafupi kwa munthu wa msinkhu wanga. Ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Ndili mwana wa sukulu, ahedi athu anatengedwa ndi galimoto m'mawa wina chifukwa cha kalata yotere, ndipo anabwerera patapita zaka ali opanda mano akutsogolo. Wolemba kalatayo ankadziwika, ndipo mpaka imfa yake anthu ankasiya kuyankhula iye akafika pa bawo. Kwathu munthu woneneza anzake ku boma sanali mtolankhani wolimba mtima wa m'mabuku a ku koleji. Anali kazitape. Loweruka ndinkaphunzira kuti oulula zobisika ndi amene anasintha Amereka, Lolemba ndinkamva mawu a bambo anga akuti pakamwa pako pasakuphetse. Ndinakhala pakati pa ziwirizi masabata atatu, ndikuonda.

Chimene chinandikankha chinali chaching'ono. Waya wa makina odulira unathetheka, kunamveka fungo la pulasitiki wopsa, wodulayo anazimitsa n'kumenya pamalopo ndi chipewa, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke, ndinangokhala pa ngolo yanga. Loweruka lake ndinatsalira mu laibulale ya pa koleji n'kulemba kalatayo pa kompyuta, kuopa kuti zilembo zanga za pa bolodi zingandigwiritse. Ndinalembera ofesi ya ozimitsa moto yoona za chitetezo cha nyumba. Ndinakwera mabasi awiri kukaiponya ku dera limene sindinafikeko chiyambire, ngati kuti bokosi la makalata la ku Nechells likanandizindikira nkhope.

Achemwali sindinawauze. Ndinadzinamiza ndi maganizo amene panthawiyo ankaoneka anzeru. M'mutu mwanga ozimitsa moto ankabwera pa chigalimoto chofiira, atavala zipewa zachikasu, moti ngakhale mwana akanadziwa kuti awa si a mapepala. Ndinati achemwali adzaona okha pa windo, mtima udzakhala pansi, tcheni chidzachoka, ndipo palibe adzadziwe kuti ndine. Ndinkafuna chitseko chitseguke koma dzina langa likhale loyera mbali zonse ziwiri.

Kudikira kunali kowawa kuposa kulemba. Galimoto iliyonse ikalowa pa geti ndinkasiya ntchito n'kusuzumira. Kapitawo akandiitana ndinkati basi zadziwika. Kutchalitchi achemwali ankaimba kwaya kutsogolo, ine ndinkayang'ana m'buku la nyimbo ngakhale nyimbozo ndinkazidziwa pamtima. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Ndinayamba kuganiza kuti kalatayo inatayidwa, ndipo ndivomere kuti maganizo amenewo anandipatsa mpumulo.

Anabwera Lachiwiri cha m'ma teni koloko, kukuwaza mvula. Ndinali m'chipinda cha osoka ndikutsitsa siponji. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene makina ake anali pa windo anaimirira pang'ono, n'kunena mawu amodzi motsitsa: imigireshoni. Makina anayamba kuzima, amodzi amodzi. Ndinasuzumira. Pa geti panaima galimoto yoyera yopanda chizindikiro chimene ndikanatha kuwerenga kuchokera pamwambapo. Munatuluka anthu awiri, mayi ndi bambo, ovala majekete akuda okhala ndi mabaji, mafayilo ali m'manja. Panalibe chofiira chilichonse, panalibe chipewa chachikasu.

Ndikanatha kukuwa kuti ndi a moto, khalani pansi. Ndaganizira mphindi imeneyo kambirimbiri. Zoona zake n'zakuti nanenso nditaona majekete aja ndinakayika. Ndinati mwina kalata yanga aipereka ku ofesi ina, mwina achemwali ankanena zoona kuti boma ndi boma. Ine, wolongolola wa m'kalasi ya Loweruka uja, ndinangoima nditagwira ngolo. Anthu asanu ndi awiri ananyamuka mwakachetechete, osathamanga poyamba, n'kulowera pansi pa chikwangwani chobiriwira chija. Achemwali anali patsogolo, popeza makina awo anali pafupi.

Kenako tinamva. Poyamba phokoso la milu ya siponji ikugwa, kenako chitsulo chikukankhidwa, tcheni chikulira. Kukankha, kulira, kukankha, kulira. Wina anayamba kumenya chitseko ndi manja. Akumbuyo sankaona chimene chatsekereza akutsogolo, ankangokankha, pa masitepe opapatiza opanda windo. Ndinamva mawu a achemwali akuti, "Mayo, dzanja langa," m'Chichewa, m'nyumba imene munalibe wina wowamva koma ine. Kunalibe moto, kunalibe utsi, koma phokoso lija ndinalizindikira. Ndi limene ndinkalimva m'mutu mwanga kuyambira tsiku la zithunzi.

Oyendera aja anali atakwera kale masitepe akutsogolo pamodzi ndi kapitawo. Mayiyo, wa tsitsi lalifupi la imvi, anaima n'kumvetsera, ndipo anafunsa kuti phokosolo likuchokera kuti. Kapitawo anafiira kuposa kale. Anafunsidwa makiyi, anayamba kusisita matumba, n'kunena kuti ali ndi bwana ndipo bwana ali ku Wolverhampton. Pamenepo miyendo yanga inakumbuka ntchito yake. Ndinatsika kutsogolo, ndinatenga chodulira zitsulo m'chipinda cha amakaniko, n'kuzungulira kudzera mosungira katundu mpaka kumunsi kwa masitepe a kuseri. Ndinakankha siponji, ndinakankha anthu, ndikunena m'zilankhulo ziwiri kuti andipatse mpata. Tcheni ndinachipeza mosavuta mumdimamo. Ndinkadziwa pamene ndinachikulunga.

Chitseko chitatseguka munalowa kuwala, mphepo ndi fungo la madzi a m'ngalande. Anthu anatuluka n'kubalalika m'kanjira ka m'mbali mwa madzi, ena kumanja ena kumanzere. Achemwali anatuluka pomaliza ngakhale anafika poyamba, chifukwa anali atapanikizidwa pakona. Dzanja lamanja anali atalikumbatira pachifuwa. Anandiyang'ana, anayang'ana tcheni chili pansi, n'kumapita mu mvulamo atavala epuloni ya ntchito, opanda jekete.

Mayi woyendera uja anatsika n'kujambula tcheni, chitseko ndi milu ya siponji. Analemba zambiri. Anandithokoza chifukwa chochita changu, ndipo mawu amenewo anandilasa. Ndinamufunsa ngati afuna kuona mapepala athu. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti iye ntchito yake ndi zitseko, ma alamu ndi zozimitsira moto, za mapepala a anthu si zake. Anafunsa ngati pali wovulala. Ndinati sindikudziwa. Mpaka pamene ankachoka sanafunse dzina la munthu ngakhale mmodzi.

Achemwali anafika kunyumba kwathu cha m'ma folo koloko, atanyowa, atayenda wapansi mtunda wautali asanalimbe mtima kukwera basi. Ndinali nditawatengera jekete ndi chikwama chawo. Mkazi wanga anali pa ofu tsiku limenelo. Anawakhazika pa mpando wa kukhitchini n'kuyang'ana dzanjalo, lomwe linali litatupa pamfundo mpaka kuwala.

"Achemwali, apa pakufunika X-ray. Tiyeni kuchipatala, ku A and E kwa ovulala mwadzidzidzi, ndikuperekezani ndekha. Sakafunsa passport."

"Ayi mayi. Lero ndathawa boma kamodzi, sindingakalipeze ndekha kachiwiri. Ingomangani."

Mkazi wanga anachonderera mpaka anatopa, kenako anatenga bandeji n'kumanga mmene akanathera. Pomanga anakweza maso n'kundiyang'ana pamwamba pa mutu wa achemwali. Ine ndinapita kukateleka madzi a tiyi amene panalibe anawapempha. Nditabwera ndinawauza achemwali kuti anthu aja anali oona za moto, sanafunse za munthu aliyense. Anangoti, "Oho," n'kuyang'ana bandeji yawo.

Chipinda cham'mwamba chinatsekedwa masiku angapo. Titabwerera, chitseko cha kuseri chinali ndi chitsulo chatsopano, pansi atajambula mizere yachikasu yoletsa kuikapo katundu, mbaula ija itachotsedwa, mawaya atasinthidwa. Tinayamba kuyeserera kuthawa moto, belu likalira tonse kukaima pa geti n'kuitanidwa maina. Koma mwini fakitale anali atamva kuti anthu asanu ndi awiri anathawa mayunifolomu, ndipo anachita mantha ake. Analamula kuti aliyense abweretse pasipoti yeniyeni, nkhope ifanane ndi chithunzi. Mwa asanu ndi awiri aja palibe anabwerera. Ine anandipatsa chovala chachikasu chowala n'kundiika kukhala woyang'anira anthu pa nthawi ya moto, poti ndinaonetsa kukhwima maganizo. Ndinachilandira, ndipo ndinati zikomo.

Nkhani yanga ya kumapeto kwa teremu ndinalemba za malamulo a chitetezo m'mafakitale a ku Amereka, ndipo ndinakhoza bwino kuposa onse. Powerenga mabuku a mu laibulale ndinkafufuza chinthu chimodzi chimene sindinachipeze mokwanira. Ankanena za malamulo ndi amene anawamenyera nkhondo, koma ine ndinkafuna kudziwa za mtsikana amene ananama zaka zake kuti alembedwe ntchito, kuti anapita kuti tsiku limene woyendera anafika. Sindikunena kuti malamulowo anali oipa. Azimayi makumi atatu a ku Tipton ankasoka pamwamba pa siponji ali ndi khomo lothawira, ndipo ndikanati ndibwerere m'mbuyo kalatayo ndikanalembanso. Chimene chinkandisowetsa mtendere si kalatayo.

Dzanja la achemwali linapola mokhota. Zala ziwiri sizinkapinda bwino, ndipo nsalu yolimba ya sofa inkafuna dzanja lamphamvu. Anayesa kwa telala wina ku Handsworth, anawabweza tsiku lachiwiri. Anakhala miyezi iwiri akugona pa balaza pa mayi wina wa kumpingo, kenako wachibale wawo ku Leeds anawapezera malo osamalira gogo wina m'nyumba. Mwana wawo wamkulu kumudzi anasiya sukulu chaka chimenecho. Izi sanandiuze iwo, ndinamva kwa mkazi wanga.

Ndinawaperekeza ku siteshoni ya mabasi ku Digbeth Loweruka m'mawa, ndinajomba kalasi. Ndinanyamula chikwama chawo chachikulu chamizeremizere. Tinafika msanga, tinakhala pa benchi, ndipo ndinayankhula za nyengo ya ku Leeds, za mpingo umene akaupeze kumeneko, za chilichonse. Basi itaima pamalo pake anthu n'kuyamba kufola, ndinadziwa kuti ndikapanda kunena pamenepo sindidzanenanso.

"Achemwali, kalata yoitana anthu aja ndinalemba ndine. Tcheni chijanso ndinamanga ndine, kapitawo atandituma. Tsiku lija pa kakhoma, mukunena za back stairs, ndinkadziwa."

Sanadzidzimuke. Anakonza mpango wawo ndi dzanja lamanzere.

"Za kalata ndinadziwa tsiku lomwelo, aphunzitsi. Tonse tinkafunsana kuti ndi ndani awa, inu nokha simunafunse. Za tcheni ndinadziwa mmene munachidulira. Munthu sapeza chinthu mumdima chonchija ngati sanachiike yekha."

"Ndikhululukireni."

"Chitseko munachita bwino. Anzanga aja ali ndi ana nawonso, asapse." Anayang'ana dalaivala akulonga zikwama. "Koma inu ndi ine tinkadya limodzi. Mukanangondiuza kuti achemwali, kubwera anthu, ndi a moto, musathawe. Ine ndikanakhala pa machine yanga n'kumasoka."

Ndinapereka chikwama kwa dalaivala. Iwo anatulutsa tikiti m'thumba la jekete, ndipo poipereka inawapulumuka pa zala zija n'kugwera pansi. Ndinawerama kuti nditole, koma anali atatola kale ndi dzanja linalo.